Nkhoswe ya Chombo cha Nyenyezi Ziwiri

Lolemba

Tisanakwere basi, Madam Liza, supavaiza wathu, akundikodola ndi chala. Ndikuganiza kuti ndi za kapu ija ndinaswa mwezi watha. Ayi, si kapu. Ndi nyenyezi.

Kampani yathu imatituma kukakonza m'nyumba za anthu, ndipo tikachoka kasitomala amayenera kutipatsa nyenyezi pa foni yake, imodzi mpaka zisanu. Ine palibe amene amandidandaula. Vuto n'lakuti palibenso amene amandikumbukira. Ndimalowa, ndimakonza, ndimatuluka, chitseko n'kutseka pang'onopang'ono kuti chisalire. Madam Liza akuti kompyuta ikayang'ana dzina langa imaona ngati sindibwera kuntchito. Akuti pofika Loweruka ndipeze makasitomala atatu ondipatsa nyenyezi zisanu. Kupanda apo andichotsa m'nyumba, ndizikatolera mathileyi pamalo odyera ku molo, chinyumba chija cha masitolo.

Ku molo kuli:
anthu ngati pamsika wa Lizulu,
nyimbo kuyambira m'mawa,
moni kwa aliyense,
kumwetulira tsiku lonse!

M'nyumba za anthu muli bata. Mumakhala ine ndi mopu.

"You ask, habibti. Open mouth. Khalas," akutero Madam Liza, Chingerezi chawo chosakaniza ndi Chiarabu cha kuno ku Dubai.

M'basi a Enelesi akundionetsa mmene amachitira. A Enelesi ndi a ku Balaka, amagona bedi lapansi, ine lapamwamba, ndipo nyenyezi zawo sizinatsikepo. Amaima pakhomo, manja pachifuwa, mutu kupendeka, n'kudalitsa ana a kasitomala. Ngakhale nyumba yopanda ana amadalitsa. Ndayesa kunena nawo. Chatuluka ndi mpweya.

Madzulo. Ndili pabedi ndi Chombo changa.

Chombo ndi kanema wa magawo asanu ndi atatu wochokera ku kadziko kena kozizira ka ku Ulaya. Dzina lake lenileni lili ndi timadontho pamwamba pa zilembo, sindingalitchule, ndiye ndimangoti Chombo. Ndinachipeza pa TV ya Madam Marita, kasitomala wanga wa Lachisanu ku JLT, dera la nyumba zosanja. Ndikupukuta rimoti, chithunzi balamanthu, chili pamwamba penipeni pa zimene iwo amaonera. Ndinakopera dzinalo pachikhatho, a Enelesi n'kundiikira pa foni yanga ndi akaunti yawo.

Nkhani yake: dziko lapansi lawonongeka, anthu asanu ndi mmodzi athawira mumlengalenga kukafuna lina. Chombo chawo chili ndi zipinda ziwiri ndi kolido imodzi. Kukagwa zoopsa amathamanga m'kolido, kukhota, n'kutulukira m'kolido yomweyo, koma nyali yafiira. Kudenga kumakhala chilombo. Ndiye pali mayi wina wamfupi wa ovolosi, wokonza zowonongeka. Ena akamakalipirana iye ali pansi pa tebulo ndi sipanala. Mawu a Chingerezi amene amalembedwa m'munsi amathamanga kuposa Sitandade 7 yanga, koma mayiyu sandivutitsa, poti sayankhula. Ndinamutcha Nasipanala.

Lero ndi pamene ndaona kuti pansi pa chithunzi cha Chombo palinso nyenyezi. Ziwiri! Ku kampani kwathu munthu wa nyenyezi ziwiri amamuperekeza ku eyapoti.

A Enelesi akundimasulira zimene alemba akatswiri oweruza makanema. Wina akuti chombocho chikuoneka ngati mosungira katundu wotha. Wina akuti ochita sewerolo nkhope zawo zili ngati akudikira basi. Wina akuti ataonera gawo limodzi anapepesa TV yake. Za Nasipanala palibe walemba ngakhale liwu limodzi.

Ndaganiza. Kwathu munthu sadziyankhulira yekha pa nkhani yaikulu. Wofuna mbeta amatuma amalume. Ineyo ndi manyazi angawa, amayi akandituma kukapempha mchere kwa aneba ndinkapita osabwerera panjira, poti mcherewo sunali wanga. Kupemphera wina n'kosavuta. Ndiye pulani nayi:

1. Lachiwiri ndi Lachitatu, kupemphera Chombo nyenyezi, kuti pakamwa pafewe.
2. Lachinayi, kuyamba kudzipemphera.
3. Lachisanu, Madam Marita, zonse ziwiri pakamodzi, poti iwo Chombo amachikonda kale.
4. Loweruka, Madam Liza kukamwa yasa.

Ndawawerengera a Enelesi. Akuti: "Ndiye iwe ukhala nkhoswe ya Chombo. Nanga nkhoswe yako ndani?"

Ndatembenukira kukhoma.

Lachiwiri

Woyamba kuyesera ndi a Chisale, mlonda wa pa nyumba yosanja imene ndimagwirako ku JLT. Ndi a ku Kasungu. Ndi amene amandipatsa makiyi ndi kundisainitsa m'buku. Zaka ziwiri tsopano, mawu athu ndi "Mwadzuka bwanji" ndi "Zikomo."

Chiganizo changa ndachibwereza m'basi njira yonse. Pofika pa desiki ndachinena chonse, maso ali pa cholembera chawo chomangidwa ndi chingwe. Ndati pali kanema wina wabwino amene anthu akumuchitira nkhanza, ngati angamuonere n'kumupatsa nyenyezi zisanu.

A Chisale andiyang'ana.

"Chemwali, kumudzi kuli bwino?"

Ndati kuli bwino. Alemba dzina la Chombo pa kapepala ka alendo. Mu lifiti ndikudziuza kuti ndapempha. Ndapempha munthu wamoyo!

Nyumba ziwiri lero, zonse eni ake kulibe. Ndayeserera pa galasi la m'bafa. Galasi lavomera.

Masana. Ndikubweza makiyi, a Chisale aonera kale magawo awiri, foni ili pansi pa desiki. Nkhope ndi ya munthu amene wabwera ku mlandu atakonzeka. Zolakwa za Chombo malinga ndi a Chisale:

chilibe geti,
chilibe buku la alendo,
chilombo chinalowa palibe anachifunsa ID,
kaputeni amagona pantchito ndipo palibe amene amamulembera lipoti,
mlonda mmodzi yekhayo amene analipo anadyedwa m'gawo loyamba, anzake n'kupitiriza kumwa supu.

Chomalizachi chawapweteka kwambiri. Akuti ngakhale kukhala pansi mphindi imodzi kukhuza, ayi. Akuti azungu amenewa akuonetsa poyera mmene amationera alonda.

Ndawafunsa za mayi wa sipanala uja.

"Uti?"

Wa pansi pa tebulo, ndatero. Akuti iwo anaona tebulo.

Apereka nyenyezi ziwiri, akuti poti ndine. Ndathokoza kawiri. Ndiye kuti Chombo chili pomwe chinali, sichinakwere, sichinatsike. Nkhoswe siikhumudwa ulendo woyamba. Kwathu amalume anapita katatu kwa makolo a mbeta asanawalole kukhala pamphasa.

A Enelesi akuti mlonda si kasitomala. Ndikudziwa. Lero kunali kufewetsa chabe.

Lachitatu

Sports City. A Sakala, injiniya wa ku Chipata, Lachitatu amagwirira ntchito kunyumba. Ndi munthu wabwino, amakweza miyendo ndikamakolopa osachita kuuzidwa. Amalipira maola awiri: khitchini, pabalaza, kuchipinda, bafa pomaliza.

Ndamaliza khitchini. Ndaima pafupi ndi tebulo lawo mpaka atukula mutu. Ndanena.

"Ah! Kansi mumakamba, ba sisi?"

Asangalala ngati mwana wawo wayamba kuyenda. Atseka laputopu. Akuti tiyeni tione manje manje, n'kuyika Chombo pa TV yawo, yaikulu ngati chitseko.

Sindinkadziwa kuti foni ili ndi chifundo. Pa foni chombo chimauluka. Pa TV ya a Sakala chikulendewera pa ulusi, ulusi uwiri, ndipo wina ndi wamfupi, n'chifukwa chake chimapendekera. Pakhoma pali mthunzi wa munthu wonyamula nyali. Nyenyezi za pawindo ndi magetsi a Khirisimasi, ena akuthima ndi kuyaka.

A Sakala aimitsa kanema. Aimirira.

"Mu space mulibe mphepo. Manje uyu moto uyaka na chani?"

Sindikudziwa. Afotokoza. Atenga pepala, ajambula dziko, ajambula mivi. Akuti phokoso silingamveke kumeneko, ndiye "vuuu" uja ndi bodza. Akuti munthu sangatsegule windo la chombo kuti ataye zinyalala. Akuti supu sangakhale phee m'mbale. Aimitsanso, ajambulanso.

Ine ndaima ndi mopu. Munthu wamkulu akamayankhula suchokapo, ndiponso ndine ndawayambitsa. Ndikungoti "eya." Madzi m'ndowa azizira. Ndikuyang'ana chitseko cha bafa, chitseko cha bafa chikundiyang'ana.

Tafika pa mafuta a chombo, foni yanga yalira. Dalaivala: "Yalla, yalla, time finish!"

Bafa sindinalikhudze. Ndanena chamumtima kuti ndipepese, koma a Sakala akundithokoza. Akuti papita miyezi asanapeze munthu womvetsera chonchi, akazi awo amatuluka akangogwira pepala. Akuti alemba zonse pansi pa kanemayo kuti dziko lidziwe, ndipo atumiza pa gulu la mainjiniya anzawo.

Ndafunsa ndi mawu aang'ono kuti nyenyezi zingati.

"Imodzi, ba sisi. Iyo imodzi ni ya uja ananyamula nyali. Anasebenza."

Madzulo. Zimene alemba a Sakala n'zazitali kuposa kalata ya Paulo, ndipo zili ndi manambala m'mbali. Pansi pake pabwera ena asanu ndi awiri, onse mainjiniya, onse nyenyezi imodzi. Wina akuthokoza Mulungu kuti wamuonetsa chinthu chosekera pa nkhomaliro.

Chombo chatsika. Imodzi ndi theka.

Chombo chinali phee pa ziwiri zake zaka zonsezi, palibe ankachidziwa. Chapeza nkhoswe, chatsika.

Koma pakamwa pafewa ndithu. Mawa ndi ine.

Lachinayi

Nyumba yoyamba, JLT, madam wa kamwana kakhanda. Ndakonza mpaka pansi pa firiji. Potuluka madam ali pakhomo, mwana paphewa, foni m'dzanja. Foni m'dzanja! Mulungu sangakonzenso kuposa pamenepa. Ndaika manja pachifuwa ngati a Enelesi, mutu ndapendeketsa. Madam akudikira. Ndatsegula pakamwa.

"Madam, bleach finish."

Athokoza, alemba bulichi pa foni yomweyo. Chitseko chatsekeka.

Nyumba yachiwiri, bambo wa zomvera m'makutu. Ndaima kumbuyo kwawo kudikira kuti atembenuke. Ndaima. Ndaima. Atembenuka, adzidzimuka, khofi pa kapeti. Ndapukuta khofi. Ndati bye.

Kupemphera Chombo mawu amabwera okha. Ndikafika pa "ine" lilime limakhala ngati chinangwa chosaphika. Ndinganene bwanji kuti ndine wabwino, ndili pomwepo, mwiniwakene? Amayi atamva akhoza kundifunsa kuti anandilera ndani.

Madzulo, titadya. A Enelesi auza chipinda chonse kuti mng'ono wawo wasanduka nkhoswe ya azungu. Aliyense akufuna kuona mkamwini. Takhala anthu asanu ndi mmodzi pabedi lapansi, awiri a ku Uganda, mmodzi wa ku Nepal, wina wa ku Kenya, foni yatsamira pa botolo la mafuta odzola.

Mainjiniya anaona ulusi. Okonza m'nyumba aona zina:

chitamba cha chilombo ndi paipi ya huva yoyamwa fumbi,
chipewa cha kaputeni ndi sefa ya makaroni,
mfuti ndi botolo lopopera mawindo, alipaka siliva,
chiwongolero cha chombo ndi chivundikiro cha bini,
mkanjo wa mfumu ya dziko lina ndi katani, mphete zake zikadali pakhosi.

Wa ku Nepal akudziwa mpaka mtundu wa huvayo, akuti chikwama chake chimavuta kusintha. Chilombo chikatulukira, onse akulira ngati huva. A Enelesi agwa pabedi. Misozi. Wa ku Kenya akupempha kuti tibwereze pamene kaputeni akulamula nkhondo sefa ikugwera m'maso. Taonera magawo anayi osapuma, ndipo chipinda cha pafupi chagogoda kufunsa ngati tili ndi phwando.

Ine ndili kumapeto kwa bedi, mtima uli mbee. Sindinaonepo chipindachi chikusangalala chonchi. Ndikuti basi, zatheka.

A Enelesi atenga foni, apukuta misozi, adina. Imodzi.

"Kuseka taseka, mng'ono wanga, koma nyenyezi ndi chilungamo."

Awa ndi anthu odalitsa ana m'nyumba mopanda ana.

Kenako ndi pamene ndikumva kuti akaunti imodzi imavota kamodzi. Akaunti ndi yawo. Ine nkhoswe, sabata yonse ndikuyenda ndi dzina la Chombo pakamwa, ndilibe podina.

Wa ku Uganda wina wanenanso kuti pakona ya kolido pali fumbi, gawo lililonse fumbi lomwelo. Ilo ndinaliona kalekale, tsiku loyamba. Za m'banja sizinenedwa kunja.

Kwatsala masiku awiri, makasitomala atatu. Koma mawa ndi Madam Marita.

Lachisanu

Ndadzuka ndi mphamvu. Madam Marita ndi mzimayi wamtali, wa tsitsi loyera, amagwira ntchito ku kampani ya zombo zapanyanja. Lachisanu amaweruka masana n'kukhala pakhonde ndi tiyi. Sitinayankhulanepo zambiri, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake timagwirizana. Munthu amene Chombo chili pamwamba pa TV yake sangakhale ndi mtima wouma.

Ndatsuka mawindo amene sanandiuze. Ndapinda matawulo ngati ku hotela. Rimoti ndaipukuta mwaulemu.

Pulani: kuyamba ndi Chombo, iwo asangalala, ine n'kulowetsa langa pomwepo kusanazizire.

Ndaima pachitseko cha khonde. Ndatchula dzina la kanema mmene ndingathere, timadontho ndi tonse. "Very nice, madam. Five star please."

Kapu yatsika pang'onopang'ono mpaka patebulo.

Alowa m'nyumba. Ayatsa TV. Athamangitsa kanema mpaka potulukira chilombo, aimitsa, aloza chitamba.

"That is my hoover."

Ndamva bwinobwino, koma ndayang'anabe kukabati kumene timasunga huva. Ayi, akuti, huva wawo wa kwawo. Athamangitsanso. Sefa ndi yawo, mphatso ya paukwati. Katani ndi la kuchipinda kwawo. Kolido yonse ija ndi galaja yawo.

Akhala pa mpando n'kuyamba kufotokoza, pang'onopang'ono kuti ndimve. Amene analemba Chombo ndi kuchijambula anali amuna awo. Anati abwereke galaja masabata atatu. Zinatenga nyengo ziwiri za chisanu, galimoto ikugona panja, Madam Marita akuifukula m'chipale chofewa m'mawa uliwonse asanapite kuntchito. Akafuna kuphika makaroni ankayamba adikira kuti kaputeni amalize nkhondo. Kanemayo atatuluka, nyuzipepala za dziko lonse zinamuseka, ndipo dziko lake ndi laling'ono, aliyense amadziwa galaja ya mnzake. Kusitolo ankawatcha Mayi Kaputeni. Ukwati unatha. Anabwera ku Dubai poti kuno kulibe chisanu ndipo palibe amene anamvapo za Chombo.

Palibe, kupatula ine.

Nanga bwanji chili pamwamba pa TV? Sindinafunse, ayankha okha. Akuti amayi awo akaimba foni kunena kuti mwamuna uja sanali woipa kwenikweni, iwo amaonera gawo limodzi, mtima n'kukhalanso m'malo. Akuti apereka nyenyezi imodzi pa foni iliyonse imene anakhalapo nayo, pa foni ya amayi awo, ndi pa kompyuta ya kuntchito.

Apa munthu wanzeru akanatenga ndowa yake. Koma pakamwa ndinapafewetsa ndekha. Ndati koma mayi wa sipanala uja ndi wabwino.

Madam Marita atenganso rimoti.

Athamangitsa kanema mpaka pa tebulo. Nasipanala ali pansi pake, akumanga nati, nkhope yofatsa.

"She lives in my house now."

Akuti zaka ziwiri mayiyu ankabwera ku galaja, osayankhula, kumwa tiyi wawo, kutsuka kapu yake, kutseka chitseko pang'onopang'ono. Iwo ankamukonda kuposa onse.

Atembenuka, andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi.

"The quiet ones," akutero.

Langa lija sindinalowetse. Ndakolopanso pabalaza pamene ndinakolopa kale, ndatsanzika mokweza kuposa masiku onse, ndipo chitseko ndachimenyetsa pang'ono kuti asandiganizire.

Pansi a Chisale akundiuza kuti afika gawo lachisanu, ndipo geti kulibebe.

Loweruka

Nyumba imodzi yokha lero, Sports City, kwa agogo a ku India amene amakhala okha. Amanditsatira chipinda ndi chipinda atagwira ndodo, osati kundilonda, koma kuti asakhale okha pabalaza.

M'basi ndawerenga. Atatu sangakwanenso. Koma mwina Madam Liza ataona ngakhale zisanu za munthu mmodzi anganene kuti tiyeserenso sabata ina.

Za Chombo sindikutchulanso kwa munthu. Nkhoswe yatula pansi udindo.

Ndamaliza. Ndavala nsapato. Manja pachifuwa sindinaike, mutu sindinapendeketse, ana sindinadalitse. Ndangoyang'ana ndodo yawo n'kunena kuti agogo, ngati ntchito yanga ili bwino, ndipatseniko nyenyezi zisanu pa foni, chifukwa zikapanda kubwera andichotsa. Chingerezi chonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osakhosomola.

Ndanena! Ine!

Agogo agwira tsaya langa. Akuti zisanu n'zochepa, iwo apereka khumi. Akuti ndine mwana wabwino kuposa mpongozi wawo. Andikhazika pansi, tiyi wa mkaka, mabisiketi atatu. Kenako atulutsa foni m'thumba la diresi, ya mabatani, yomanga ndi labala. Za nyenyezi akuti amadziwa ndi mwana wawo, ndi amene amaitanitsa okonza. Ali ku Canada. Amaimba Lamulungu, akakumbukira.

Mabisiketi anali abwino.

Madzulo, ofesi ya Madam Liza. Akutembenuzira kompyuta kwa ine ngati nesi woonetsa zotsatira za magazi. Akuti pali nkhani yabwino: sabata ino makasitomala awiri andikumbukira, zimene sizinachitikepo chibwerere.

A Sakala, nyenyezi zinayi. Alemba kuti bafa silinakonzedwe koma kukambirana kunali kwapamwamba.

Madam Marita, zitatu. Alemba kuti ndimakonza bwino kwambiri, koma kampani itumize wina amene saonera TV.

Madam Liza akufunsa kuti kodi ndimakaonera TV m'nyumba za makasitomala. Ndikufuna kufotokoza za mchere, za amalume, za ulusi, za galaja. Zonse zafika pakhosi nthawi imodzi n'kupanikizana pakhomo ngati anthu otsika minibasi.

"Monday, mall. Computer see you now, habibti."

Andipatsa pulasitiki ya yunifomu yatsopano, ndasaina.

Lamulungu

Tsiku lopuma. Anzanga apita ku Deira kukagula nsalu ndi kukwera abra, timabwato towolotsa anthu. Ine ndati mutu. A Enelesi andisiyira chapati ndi mawu akuti ku molo si kumanda, anthu amakapeza amuna kumeneko. Sindikudziwa ngati amanditonthoza kapena amandiopseza.

Chipinda chili zii. Ndachapa, ndayanika, ndakwera pabedi. Gawo lomaliza.

Tsopano ndikuona zonse. Ulusi ndikuuona ngakhale pa foni. Chilombo chikatuluka ndikumva fungo la chikwama cha huva. Kolido ndikuona pamene pankaima galimoto, pali banga la oyilo. Anthu andiphunzitsa kuonera kanema, ndipo sindikudziwa kuti ndikawathokoze kuti.

Pomaliza chombo chabowoka. Onse akukuwa. Nasipanala wavala chipewa, watuluka panja yekha, watseka bowo. Pobwerera wapeza chitseko chatsekeka, anzake ali m'kati akukumbatirana, palibe wawerenga kuti tatsala angati. Akugogoda ndi sipanala. Mawu atuluka akuti nkhani ipitirira. Siinapitirire, patha zaka.

Mlungu watha ndikanalira. Lero ndangoti ameneyo musamudandaule, analowa, mpaka m'nyumba ya Madam Marita.

Komabe bowo lija anatseka bwino. Zimenezo palibe angamulande.

Chombo chili pa imodzi ndi theka. Mainjiniya akubwerabe, tsopano afika a ku Abu Dhabi. Ndazimitsa foni.

Zokonzekera mawa:
kusita yunifomu,
kudula zikhadabo,
nsapato zofewa, akuti kumeneko sukhala pansi,
kuyesera kumwetulira, kasanu pagalasi, lachitatu linali ngati dzino likuwawa.

Yunifomu ndi ya mtundu wa lalanje, yowala moti munthu angandione ali mumzinda wina, ku Sharjah. Pansi pa pulasitiki ndapeza kabaji kozungulira. Ndawerenga katatu, mwina Sitandade 7 ikundinamiza. Ayi, palembedwa momwemo, zilembo zikuluzikulu: ASK ME ANYTHING.

Ndakabaya pachifuwa. Pini yake ndi yolimba.